Kodi sikani imawotcha mwana m'mimba? Tiyambire pa laita iyi

Moni moni anthu anga, muli bwanji kumeneko? Kuno ku Zomba kwazizira koma tiyeni nazo. Tamverani kaye... thwa! Mwamva? Laita iyi ilibe batire koma ikuthetheka kamoto ka magetsi. Ndiye chimene chili mkatimu ndi chomwechonso chimaonetsa mwana m'mimba pa sikani. Musasunthe, chifukwa kutsogoloku kuli bodza lina limene limandiwawa zedi.

Choyamba, mwachangu. Mu 1880 anthu awiri apachibale a ku France, Pierre ndi Jacques Curie, anapeza kuti miyala ina monga quartz ukaifinya imatulutsa magetsi, ndi zimene amati piezoelectric. Mu laitamu muli kanyundo kamene kamamenya kachidutswa kotere, basi moto uwo.

Chachiwiri, miyala yomweyo ukaipatsa magetsi imanjenjemera. Kamwala ka mu wotchi ya quartz kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi.

Chachitatu, kunjenjemerako kukapitirira ka 20,000 pa sekondi kumatulutsa mawu oti khutu lathu silingamve, amenewo ndiye ultrasound. Mileme imasaka nawo tizilombo usiku, mainjiniya amafufuza nawo ming'alu mkati mwa chitsulo chowotcherera osachidula, kwa dokotala wa mano amachotsera litsiro louma la m'mano lija, ndipo mu 1917 wasayansi wa ku France Paul Langevin ankayesa kale kusaka nawo sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi.

Eya, ngati mwafika pano dinani kaye subscribe ndi kabelu kaja, ndi zaulere, zimatithandiza kwambiri.

Tsopano bodza lija. Chaka chatha achemwali anga anali oyembekezera, ku sikelo anawauza kuti akapange sikani, iwo osapita. Ndikuwafunsa kuti achemwali bwanji, akuti azakhali anena kuti makina aja ndi ekisileyi, amawotcha mwana ndipo amabadwa wofooka. Ndinawachonderera masabata angapo mpaka ndinawaperekeza ndekha, tikuyenda iwo akungoti ine mantha achimwene. Atatuluka anali akuseka misozi ili m'maso, kapepala m'manja, timitu tiwiri. Mapasa! Tangoganizani akanafika tsiku lochira osadziwa kuti ali ndi awiri.

Ndiye ndimvetseni bwino amayi ndi abambo, sikani si ekisileyi ayi. Ekisileyi imagwiritsa ntchito cheza champhamvu chimene chikachuluka chimatha kuononga maselo, n'chifukwa chake asanakujambuleni amafunsa ngati muli ndi pakati. Sikani ilibe cheza chimenecho ngakhale pang'ono. Ndi mawu basi. Kachipangizo kamene amayendetsa pamimba kaja kali ndi tizidutswa ta piezoelectric, makina amapatsa tizidutswato magetsi, timanjenjemera ka mamiliyoni angapo pa sekondi n'kutumiza mawu m'thupi, kenako timakhala chete kumvetsera. Mukakwera Zomba Plateau n'kukuwa moyang'ana chithanthwe, mawu anu amabwerera eti? Ndi zomwezo. Mawu aja akagunda mutu wa mwana kapena kamtima amabwerera, amafinya tizidutswa tija, ito n'kutulutsa magetsi ngati laita yanga ija, ndiye poti mawu amayenda m'thupi pafupifupi mamita 1,540 pa sekondi kompyuta imangowerengera nthawi imene atenga n'kudziwa kuti chinthucho chili pakuya bwanji, chithunzi chija n'kutuluka.

Nanga mafuta ozizira amene amapaka pamimba aja? Ndamvapo ena akuti ndi mankhwala olowa m'thupi. Ayi ndithu. Mpweya umatchinga mawu amenewa, ndiye jelo uja amangochotsa mpweya pakati pa khungu ndi kachipangizo, mukamaliza mumapukuta n'kumapita.

Komanso izi sizinayambe dzulo. Ian Donald, dokotala wa amayi ku Glasgow ku Scotland, anayamba kuyesa ndi makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo aja, mu 1958 analengeza zimene anapeza, ndipo kuchokera pamenepo amayi miyandamiyanda ajambulidwa dziko lonse lapansi. Tinene zoona, ultrasound ikakhala yamphamvu kapena ikakhalitsa pamalo amodzi imatha kufunditsa mnofu pang'ono, n'chifukwa chake amaipanga ndi anthu ophunzira ntchitoyo, pa mphamvu yochepa, pa chifukwa chachipatala, osati kuti mungopeza chithunzi choika pa Facebook. Koma zowotcha mwana, chonde tisiye. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO kuyambira 2016 limalimbikitsa kuti mayi apange sikani kamodzi pakati pasanakwane masabata 24, kuti adziwe pakatipo ndi pa nthawi yaitali bwanji, ngati ali mapasa, komanso ngati mwana ali ndi vuto lina loti alione msanga. Abambo inunso musamangoti ndi za azimayi, aperekezeni, mukaone kamtima kakugunda pa sikirini.

Ndinalonjeza zonena momwe amatsukira tizitsulo ndi ultrasound m'madzi koma nthawi yatha, imeneyo ikubwera Lachisanu, ndibweretsa ndi makiyi anga akuda bii kuti muone nokha. Vidiyoyi itumizeni ku gulu la WhatsApp lakubanja, makamaka kwa azakhali, ndipo mundilembere pansipa zimene anthu amanena za sikani kwanuko, ndiziyankha imodzi imodzi.