Mitengo ya ash ikufa kuno ku England, ife tili pakalikiliki kusesa masamba

Moni nonse amene mwatsegula pulogalamu yathu lero, kaya mwangoweruka ntchito ya usiku, kaya mukumvetsera muli pa bedi. Ndine mnzanu uja wa m'munda, ndikulankhula kuchokera kummwera kwa England. Achimwene ena andilembera kufunsa kuti, kodi ntchito yanuyo si kungotchetcha kapinga basi? Achimwene, kapinga timatchetchadi, koma chimene chimatisowetsa tulo pamalo pomwe ndimagwira ntchito ndi mtengo wina wotchedwa ash.

Malowa ndi nyumba yakalekale ya banja lina lolemera, yokhala ndi munda waukulu, dziwe, msewu wolowera wautali komanso kankhalango kumbuyo. Mitengo ya ash ili ponseponse. Masamba ake amafanana ndi a nimu, timasamba tiwiritiwiri moyang'anizana pa kaphesi kamodzi, kenako kamodzi kunsonga. M'nyengo yachisanu, mitengo yonse ikayoyola masamba, ash mumamudziwira ku mphukira zake zakuda bii, komanso njere zamapiko zomwe zimalendewera m'magulumagulu mpaka chisanu chithe. Ndi mtengo wochedwa kudzuka. Anzake amakhala atabiriwira kale mu Epulo, iye amadikira mpaka Meyi, ndipo poyoyola amafulumira, nthawi zina masamba akadali obiriwira. Ukakula bwino umafika mamita 35, ndipo ulipo wina umene umakhala zaka 400.

Kuusamala kunalibe zambiri kale. Umafuna dothi lakuya, lachinyezi koma losadikha madzi, makamaka la laimu, ndiponso malo otakasuka chifukwa mizu yake imayenda patali chapamwamba pomwepa n'kumalanda madzi ndi chakudya. Mukadzala maluwa pafupi, mudzangotopa ndi kuthirira. Mbande zake sitivutika nazo, zimamera zokha m'mipanda, m'ngalande, ngakhale pakati pa miyala ya khonde, ndipo njere ikagwa itakhwima imatha kugona m'nthaka nyengo ziwiri zachisanu isanamere. Kamtengo kakang'ono timangokaikira chotchinga kuti akalulu ndi agwape asadye makungwa, kuzungulira tsinde timathirapo tizidutswa ta mitengo togaya, ndipo makina otchetchera udzu sitiwafikitsa pafupi. Chilonda cha makina patsinde ndi khomo la matenda.

Matenda amene asokoneza zonse ndi ash dieback. Amayamba ndi kabowa kotchedwa Hymenoscyphus fraxineus, komwe kwawo ndi kummawa kwa Asia. Kumeneko kamakhala ndi mitundu ya ash yakomweko popanda kuipha, chifukwa inakazolowera. Ku Ulaya mitengo inayamba kufa ku Poland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kuno matendawa anatsimikizika mu 2012, pa nazale ina ku Buckinghamshire, pa mbande zochokera ku Netherlands. Chaka chomwecho anawapezanso m'nkhalango za ku Norfolk ndi Suffolk, boma n'kuletsa kuitanitsa mbande za ash kuchokera kunja. Kunali kutseka khola mbuzi zitatuluka kale. A bungwe loteteza mitengo la Woodland Trust amati dziko lino likhoza kutaya mitengo ya ash yofika 80 pa 100 iliyonse, ndipo akatswiri ena, kuphatikizapo a ku yunivesite ya Oxford, anawerengera mu 2019 kuti vutoli lidzadya ndalama pafupifupi mapaundi 15 biliyoni.

Kabowako ndinakaona ndi maso anga. Kapitawo wathu, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anandikodola tsiku lina mu Julayi, n'kugwada pansi pa mtengo, n'kufukula zinyalala. Anatola kaphesi ka tsamba la chaka chatha, katada bii, ndipo pamwamba pake panali timabowa toyera, tating'ono kuposa mutu wa machesi, tandandalika mumzere. Anandipatsa m'manja n'kunena kuti, "Mdani wathu ndi ameneyu." Timabowa timeneti timatulutsa fumbi losaoneka lomwe mphepo imaulutsa mtunda wautali. Likatera pa tsamba lamoyo limalowa, n'kutsika kudzera m'phesi mpaka m'nthambi. Tsamba limafota n'kuda likadali pamtengo, pakhungwa pomwe nthambi yalumikizana ndi thunthu pamabwera chilonda chosongoka kumwamba ndi kumunsi, ndipo nsonga za mtengo zimayamba kuuma chaka ndi chaka.

Mankhwala ochiza palibe. Ndiye chifukwa chake Okutobala ndi Novembala ndi miyezi ya reki ndi wilibala. M'nkhalango simungasese, koma m'munda n'zotheka, ndipo kuchotsa masamba kumachepetsa fumbi la chaka chamawa. Timawaunjika, ena timawotcha, ena timawakwirira ndi dothi lochindikala. Abale anga, apa ndi pomwe munthu umadziwa kuti uli kunja. Magolovesi anyowa, zala sizikumva kanthu, 4 koloko masana kwayamba kale kuda, ndipo mphepo ikangowomba kamodzi, pomwe wasesa paja padzadzanso. Ukafika kunyumba foni ili ndi mauthenga a anthu oganiza kuti kuno ndalama timangotola pansi. Timatola masamba, abale.

Chinthu chimene chinandivuta kumvetsa ndi chakuti ntchito yaikulu pa mitengoyi ndi kuisiya osaidula. Mayi mwini nyumba, atawerenga za matendawa, ankafuna kuti ash yense agwe, tidzale zina, nkhani ithe. Ine mumtima ndinagwirizana nawo, chifukwa kudula kumaoneka, ndipo waganyu amakonda ntchito yomwe bwana angaione. Kapitawo anakana mwaulemu koma osasuntha. Anawatengera kumalire a munda komwe kuli mitengo ingapo yomera pamodzi, yonse youma nsonga kupatula umodzi wapakati, wamasamba odzadza bwino. Mitengo yochepa ili ndi mphamvu yobadwa nayo yopirira matendawa, ndipo imapatsira ana ake. Mukagwetsa yonse lero, mwagwetsa ndi yomwe ikanasiya mbewu. Boma nalo likuyendera nzeru yomweyi. Mu 2020 anadzala ku Hampshire mitengo pafupifupi 3,000 yochokera ku ija yooneka yopirira. Ine pano ndili mbali ya kapitawo, ngakhale ndivomere kuti kuyang'ana mtengo wodwala chaka ndi chaka uli ndi macheka m'shedi si chinthu chapafupi.

Ndiye pakati pa Julayi ndi Seputembala timayenda ndi kabuku, mtengo ndi mtengo, kuyang'ana kumwamba n'kulemba kuti masamba atsala ochuluka bwanji, kenako kujambula ndi foni kuti tidzafananize chaka chamawa. Timayang'ananso patsinde, chifukwa mtengo wofooka umagwidwa ndi bowa wina, honey fungus, amene amaoletsa mizu. Wodwala umene uli pakati pa nkhalango, kutali ndi anthu, timausiya ufe wokha, agogomole ndi mileme apezepo pokhala. Koma umene wayedzamira msewu kapena njira yodutsa anthu, umenewo ulibe apilo, chifukwa nthambi ikagwera munthu mlandu ndi wa mwini malo.

Apa ndichenjeze anzanga amene mukugwira maganyu a m'minda kuno. Ash wathanzi ndi mtengo wolimba komanso wopindika osathyoka, n'chifukwa chake amapangira mipini, nkhafi ndi ndodo za masewero a hurling ku Ireland. Wodwala amasanduka wofumbwa, nthambi imathyoka osachenjeza. Musakwere, ngakhale bwana akulonjezeni ndalama yapadera. Akatswiri enieni amabwera ndi galimoto yonyamula munthu m'mwamba. Musagwirenso macheka a injini mulibe satifiketi yake. Komanso funsani ngati mtengowo uli ndi Tree Preservation Order, chikalata cha khonsolo choteteza mtengo, chifukwa ukakhala nayo pamafunika chilolezo cha khonsolo musanadule, ndipo kuwononga chisa choti mbalame ikugwiritsa ntchito ndi mlandu pansi pa lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe.

Pomwe tagwetsa sitikubwezeretsapo ash, tikusakaniza mitengo ina monga oak, field maple, alder ndi small-leaved lime, kuti matenda amodzi asadzasesenso munda wonse. Kapitawo amakambanso za kachilombo kotchedwa emerald ash borer, komwe kanapezeka ku Michigan mu 2002 n'kupha mitengo ya ash mamiliyoni ambiri ku America. Kafika kale ku Russia ndi ku Ukraine, ndiye maso onse ali kummawa.

Achimwene munafunsa aja, ndayankha. Sabata yamawa tidzakamba za layisensi yoyendetsera galimoto kuno, chifukwa mafunso achuluka. Tumizani enanso, ndipo amene muli kuno valani zofunda. Tsalani bwino.