Zamoyo zinasamukira bwanji kumtunda?

Zikomo amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Ndabwera ndi tsamba ili. Patsiranani, aliyense alisisite pamwamba pake. Mukumva kusalala? Ameneyo ndi phula, ndipo nkhani yathu yagona pomwepo.

Kalekale zomera ndi nyama zonse zinkakhala m'madzi. Kumtunda kunali miyala, fumbi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. M'madzimo munali mtendere: thupi siliuma, madzi amakunyamula, ndipo mazira ukangoikira, madzi omwewo amawasamala. Kumtunda zonsezi kulibe. Dzuwa limakuumitsa, thupi limakulemera.

Zinayamba kuwoloka ndi zomera, pafupifupi zaka 470 miliyoni zapitazo. Makolo ake anali ndere zobiriwira za m'madzi opanda mchere. Phula uja ndiye anatseka madzi kuti asathawe. Koma mukatseka paliponse, mpweya ulowera pati? N'chifukwa chake tsamba lili ndi timabowo ting'onoting'ono, tochuluka kunsi kwake, timene timatseguka ndi kutsekeka. Dzuwa likaswa mtengo, nthaka n'kuuma, timatseka pakamwa. Kenako kunabwera timitsempha tolimba tokweza madzi m'tsinde, ndipo tomweto tinathandiza chomera kuima chilili. Ine chimandikhudza kwambiri n'chakuti zomerazi sizinabwere zokha. M'miyala ya ku Rhynie ku Scotland, ya zaka zoposa 400 miliyoni, mumaoneka ulusi wa bowa uli m'kati mwa zomera. Bowa ankatapa michere m'nthaka, chomera n'kumamubwezera shuga. Mpaka lero zomera zambiri zikadali pa ubale womwewu.

Nyama zoyamba kutsatira zinali tizilombo ta khungu lolimba, abale ake a bongololo ndi akangaude.

Nanga nyama za msana? Mu 2004, pachilumba cha Ellesmere kumpoto kwa Canada, wasayansi Neil Shubin ndi anzake anafukula mafupa a nsomba imene anaitcha Tiktaalik, ya zaka 375 miliyoni. Inali ndi mamba ndi zipsepse ngati nsomba zambiri, koma mutu wophwatalala, khosi lotha kutembenuka, ndi nthiti zochindikala. M'zipsepse zakutsogolo munali mafupa. Tambasulani mkono wanu: fupa limodzi kumtunda, awiri kumunsi, kenako timafupa ta padzanja. Dongosolo lake linali lomwelo, zala zokha ndiye zinali zisanabwere. Inkadzichirikiza nazo m'madzi osaya.

Komabe kuyenda pamtunda sikunathetse vuto la kubereka. Onani chule. Ali ndi miyendo ndi mapapo, koma nthawi yoikira ikakwana amabwerera kuthamanda, ndipo ana ake amayamba ali mbululu. Zomera zinapeza njira yake ndi mungu wouluka ndi mphepo, komanso njere yosunga kamwana ndi kamba wake. Nyama zinapeza dzira la chigoba, zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo. Mukaswa dzira, yang'anani kachikopa kopyapyala komata m'kati mwa chigobacho. Chigobacho chili ndi timabowo tolowetsa mpweya, chachikasucho ndi chakudya, ndipo kamwanako kamakula kakuyandama m'kathumba kake ka madzi. Ndi thamanda lonyamula m'manja.

Amayi, inu mukudziwa bwino kuposa ine. Mwana m'mimba amakhala m'madzi miyezi 9, ndipo nsupa ikasweka mumati nthawi yakwana. Kathumba kameneko ndi komwe kaja kali m'dzira la buluzi ndi la mbalame.