Mchenga Ukatuwa Ngati Simenti: Kuzukuta ndi Kukonza Zithunzi Zakuda ndi Zoyera

A mfumu, amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwabwera ndi mafoni ndi makamera m'manja, zikomo kwambiri. Amene muli kumbuyoko sendererani kuno, chifukwa za lerozi zifuna diso, khutu lokha silikwanira. Pakhomapa tamata zithunzi zingapo mwa zomwe mudatumiza. Zonse ndi zakuda ndi zoyera, zonse ndi za malo ouma onga chipululu.

Wina wafunsa tikulowa kuti, nanga ife a ku Salima chipululu tichitenga kuti? N'zoona, kuno kulibe mapiri a mchenga ngati a ku Sossusvlei m'chipululu cha Namib, kapena a ku Death Valley ku America. Koma zimene zimasautsa wojambula m'chipululu ndi zomwezo zimatisautsa ife kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa: mchenga wothobwa m'maso wa ku Senga Bay, mchenga umene Linthipe amausiya poyera madzi akachepa, dambo long'aluka, milambe yoyoyola masamba, thambo lopanda mtambo ndi umodzi womwe. Malo otere alibe zambiri zoti zidzaze chithunzi. Mukachotsanso mitundu, chotsala ndi kuwala, mdima ndi kutuwa kwa pakati basi. Chithunzi chikaima, chaima pa mthunzi. Mthunzi ukasowa, palibe pulogalamu imene ingachidzutse.

N'chifukwa chake timayamba ndi kuzukuta tisanagwire chida chilichonse. Yang'anani choyambachi, cha mlambe ndi phiri kumbuyo. Bwererani mapazi atatu, mutsinzine pang'ono mpaka tinthambi tisamaoneke. Chatsala n'chiyani? Chigamba chimodzi chotuwa. Thunthu la mlambe, phiri ndi thambo zonse zasanduka phulusa limodzi. Ndi maso zinali zosiyana, thunthu lofiirira, thambo labuluu, koma kuwala kwake kunali kofanana, ndipo chithunzi chopanda mitundu chimangowerenga kuwalako. Tsono tsegulani maso, munene pomwe diso lanu lafikira poyamba. Eya, pakona yakumunsiyi, pa jumbo yoyera yakodwa pa kachitsamba. Diso limathamangira pomwe pawala koposa. Ngati powalapo si pomwe wojambula amafuna kuti tione, chithunzicho chasochera.

Onaninso patsinde pa mlambewo. Mthunzi wake wakhala kachidutswa pansi penipeni. Ichi chidajambulidwa masana. Kuno kwathu, kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limadutsa paliwombo penipeni, ndiye chilichonse chimaoneka chafulati. Timizere tija mphepo imalemba pamchenga n'totalika ngati chala chabe. Kuti tioneke, dzuwa liyenera kukhala lotsika ndipo lichokere chammbali, mzere uliwonse ukhale ndi mbali yowala ndi mbali yakuda. Mu Okutobala dzuwa limatuluka cha m'ma 5:15, mu Julayi cha m'ma 6 koloko, ndipo nthawi yabwino sikwana ndi ola. Ku Senga Bay limatulukira kunyanja, choncho musaliyang'ane kapena kulifulatira, yang'anani motsata gombe kuti likumenyeni paphewa. Mwera ukaomba usiku, m'mawa mchenga umakhala wosesedwa bwino. Fikani ana ndi mbuzi zisanapondepo, ndipo inu nomwe muzilambalala pomwe mukufuna kujambula.

Kwa mwini wake wa chithunzichi: kaimidwe ka mlambe mwakapeza bwino, nthambi zonse zalowa ndipo pamwamba pali mpata wopumira. Musataye nthawi kuchikonza. Bwererani pamalo omwewo m'mamawa, mutole jumboyo musanajambule.

Mwamva m'mene tanenera? Pozukuta chithunzi cha mnzanu, nenani chomwe mukuona, kenako chomwe chachititsa, kenako chochita. Kungoti "chabwino zedi" sikumuthandiza, kungoti "sichikundisangalatsa" n'chimodzimodzi. Ndipo mwini wake asayambe kufotokoza kuti kunali kotentha kapena kuti anayenda mtunda wautali, zimenezo sizili papepala. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Chachiwirichi, cha bwato pagombe ndi chilumba cha Namalenje chapatali, chidajambulidwa nthawi yabwino. Mthunzi wa bwatowo watalika bwino. Koma mchenga wake watuwa ngati simenti. Vuto ili si la wojambula yekha, ndi khalidwe la kamera. Kamera poyeza kuwala imayesetsa kuti zonse zikhale zotuwa pakatikati. Ikaona mchenga wowala wadzaza chithunzi, imaganiza kuti kwawala mopitirira, ndiye imachepetsa. Mankhwala ake ndi kuiuza kuti ionjezere: pa kamera kwezani exposure compensation, batani loonjezera kapena kuchepetsa kuwala, ifike +1, mchenga ukakhala woyera kwambiri mwina +1.3. Pafoni gundani pamchengapo, kenako mukokere kadzuwa kaja m'mwamba pang'ono. ISO, muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala, ikhale 100, ndipo aperture, kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi, ikhale pakati pa f/8 ndi f/11. Musathamangire f/22 poganiza kuti zonse zioneka bwino, chifukwa kabowo kakachepetsetsa chithunzi chonse chimafewa.

Koma musakweze mwachimbulimbuli. Tsegulani histogram, kaphiri kaja kamaoneka pasikirini kosonyeza kuchuluka kwa mdima ndi kuwala m'chithunzi. Kumanzere kwake ndi mdima weniweni, 0, kumanja ndi kuyera kotheratu, 255. Phirilo likakakamira khoma la kumanja, mchenga wapsa, ndipo timchenga timene tapsa sitibwereranso ngakhale mutachita bwanji. Liyandikire khomalo koma lisaligunde. Akale analibe histogram. Akatswiri ojambula a ku America, Ansel Adams ndi Fred Archer, cha m'ma 1940, adakonza njira yotchedwa Zone System yogawa kutuwa m'magawo 11, kuchokera pa 0 wakuda bii mpaka pa 10 woyera mbuu, ndipo 5 ndiye pakati. Mchenga wowala woti timchenga tizionekabe umakhala pa 6 kapena 7. Wa pachithunzichi wagwera pa 5.

Chinthu china musanachoke pagombe: jambulani ndi mitundu, ndipo ngati kamera kapena foni yanu ikulola, sankhani RAW, fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona, m'malo mwa JPEG yamasiku onse. JPEG imasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, pomwe RAW ya 12 bit imasunga 4,096, ya 14 bit 16,384. Kufunika kwake muona tikafika pa thambo. Mukajambuliratu chakuda ndi choyera mu JPEG, kamera yakusankhirani kale kutuwa kwa chilichonse, mwatsala manja m'khosi.

Tsopano kukonza. Mwa mapulogalamu okonzera zithunzi, Snapseed ndi yaulere pafoni, Lightroom ilipo pafoni ndi pakompyuta, darktable ndi yaulere pakompyuta. Iliyonse mwa izi ikwanira. Khalani pamthunzi kapena m'nyumba, kuwala kwa sikirini kukhale pakatikati. Sikirini yowalitsitsa imakunamizani kuti chithunzi chawala, mukachisindikiza chimatuluka chamdima.

Yambani ndi kuwongola mzere womwe nyanja yakumana ndi thambo. Ukapendekeka ngakhale pang'ono, nyanja imaoneka ngati ikukhuthukira mbali imodzi. Kenako dulani m'mphepete. Pachithunzi cha bwatochi thambo latenga theka koma mulibe kanthu. Lidulidwe, litsale gawo limodzi mwa atatu, diso litsikire pamchenga.

Zikatero ikani poyera ndi pakuda. Mu Lightroom ya pakompyuta gwirani batani la Alt mukukoka Whites, sikirini ida, ndipo timadontho toyamba tikangoonekera bwererani pang'ono. Chitani chimodzimodzi ndi Blacks. Kachigamba kakang'ono kakuda bii, monga m'kati mwa bwato, n'kofunika, kamapatsa chithunzi msana. Koma mthunzi wonse wa bwatowo usade mpaka kukhala dzenje. Imani pagombe m'mawa muyang'ane mumthunzi: mchenga umaonekabe, chifukwa thambo limaponyamo kuwala. Ambiri amaphonya apa. Amakokera Contrast mpaka kumapeto, chithunzi n'kukhala makala ndi ufa, zapakati zonse zitapita. Kukoma kwa mchenga kuli m'zapakatizo.

Apa ndiye pomwe mitundu ija mudasunga imagwira ntchito. Mukasandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera mu Lightroom, mupeza timizere tisanu ndi titatu ta mitundu. Mchenga umakhala mu Orange ndi Yellow, thambo mu Blue ndi Aqua. Kwezani Orange pang'ono, tsitsani Blue, muona mchenga ndi thambo zikulekana. Mu Snapseed, pansi pa Black & White, sankhani fyuluta yachikasu, ya olenji kapena yofiira. Yachikasu imadetsa thambo pang'ono, yofiira imalidetsa kwambiri. Ojambula ndi filimu ankachita zomwezi pomanga kagalasi ka mtundu kutsogolo kwa lenzi.

Tsitsani Blue mwaulemu. Mukapyola malire, zinthu zimaonongeka, ndipo chachitatuchi chikutionetsa bwino. Senderani pafupi muone m'mbali mwa mgwalangwa uwu. Mwaona kamzere koyera kakuzungulira thunthu ndi masamba ngati wina wadutsamo ndi choko? Kamabwera thambo likadetsedwa mopyola, kapena Clarity ndi Structure, zida zotumphutsa timizere, zikakwezedwa kwambiri, poti zida zimenezi zimawalitsa mbali imodzi ya malire n'kudetsa inayo. Onaninso thambolo. M'malo mosintha mosalala kuchokera pamwamba mpaka pansi, lili ndi mikwingwirima ngati masitepe. Amenewo ndi masitepe 256 a JPEG aja, mwawatambasula mpaka mipata yaonekera. Ndipo m'mwambamu mwadzaza timadontho ngati gaga. Zitatu zonsezi mankhwala ake ndi amodzi: bwezani chida chomwe mwakoka chifike theka la pomwe chili. Structure muziipaka pamchenga pokha, thambo musalikhudze nayo. Nthawi zonse kuzani chithunzi chifike 100 peresenti muyendere m'malire musanati mwamaliza.

Ntchito yeniyeni, imene imasiyanitsa mmisiri ndi wongodina mabatani, ndi kuwalitsa ndi kudetsa pamalo pamalo, komwe amati dodge ndi burn. Mu Snapseed muipeza pa Brush. Ikani pa 5, osati 10. Pakompyuta Flow, mphamvu ya burashi, ikhale pakati pa 5 ndi 10 peresenti, mupake kambirimbiri mopepuka ngati mukuzira nyumba. Tsatirani kuwala komwe kulipo kale. Mbali ya mzere wa mchenga yoyang'ana dzuwa iwalitseni pang'ono, yofulatira idetseni pang'ono. Mukawalitsa pomwe dzuwa silikanafika, woona sadziwa chalakwika koma mtima wake umakana. Pa bwato lija, walitsani m'mphepete mwake mwakumwamba pomwe dzuwa lagunda, detsani mchenga wa m'makona akumunsi kuti diso lisatulukire kunja. Mukapaka kwa mphindi khumi, ikani foni pansi, mukamwe madzi, mubwere muonenso. Diso limazolowera msanga, limayamba kuvomereza zopyola.

Mayi, mwakweza dzanja. Funso lawo ndi lakuti, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi la Seputembala ndi Okutobala zimachititsa mapiri kuoneka mbuu, kodi tichotse ndi Dehaze, chida chochotsera chifunga? Ayi mayi, osathamangira. Pachithunzi cha mitundu utsiwo umanyansadi. Koma pa chakuda ndi choyera ndi mphatso. Phiri lapafupi limada, lotsatira limatuwa, lakutali limangotsala pang'ono kusungunuka m'thambo, ndipo ndi zimenezo zimauza diso kutalika kwa dziko. Dehaze ikachuluka mapiri onse amada mofanana, mtunda uja n'kutha. Ngati mukuifuna, ikani yochepa pa zapafupi zokha.

Kwa a makamera osintha lenzi, madontho ozungulira otuwa m'thambo, obwera pamalo omwewo pachithunzi chilichonse, ndi fumbi pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera. Jambulani thambo loyera pa f/16 muwaone onse. Pachithunzi achotseni ndi Healing, chida chofufutira mabanga. Pakamera gwiritsani kapampu ka mpweya kamera itayang'ana pansi, osapuzira ndi pakamwa, malovu amasiya banga. Ndipo musasinthire lenzi pagombe mwera ukuomba.

Sharpening, kunola m'malire mwa zinthu kuti zioneke bwino, ibwere pomaliza penipeni, yochepa, ndipo thambo ilisiye. Ofuna kusindikiza pa A4, chithunzi chikhale ndi mapikiselo pafupifupi 2,480 kwa 3,508. Makina ambiri amapanga kutuwa posakaniza inki ya mitundu, ndiye chithunzi chimatha kutuluka chobiriwirako kapena chofiirirako. Uzani wosindikizayo aike pa greyscale, kutanthauza kutuwa kokha kopanda mitundu, ayambe ndi kakang'ono, mukakaonere panja pa kuwala kwa dzuwa musanalipire chachikulu.

Sabata ya mawa aliyense abweretse chithunzi chimodzi chojambulidwa dzuwa lisanathe ola chitulukireni, kawiri: chosakhudza ndi chokonza, kuti tione chomwe dzanja lanu lachita. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, chifukwa njira yamasiku onse ija imafinya chithunzi ndipo thambo limafika kuno lili ndi mikwingwirima yomwe inu simudaike. A mlambe aja, tikuyembekezera mlambe womwewo.