Achemwali, za ulendo wa ku Montenegro uja

Achemwali, muli bwanji ndi alamu kumeneko ku Leeds? Ndati ndingojambula mawu, zolemba zingachuluke. Mumvetsere kaye musanagule matikiti.

Tiyambe ndi ndege, poti apa ndi pamene anthu amataya ndalama. Mabwalo a ndege ku Montenegro ndi awiri, Tivat ndi Podgorica. Mudzaona matikiti otchipa a ku Dubrovnik, poti ndi pafupi ndi malire, koma chonde musawagule. Dubrovnik ili ku Croatia, ndipo Croatia idalowa mu Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi) mu 2023, ndiye ndi pasipoti ya Malawi yopanda viza ya Schengen sangakulowetseni n'komwe m'ndegemo. Koma ku Montenegro, munthu wokhala ndi viza kapena chilolezo chokhalira ku UK chomwe sichinathe ntchito amaloledwa masiku 30. Umboni wake muusindikize papepala, musangodalira foni.

Mukafika, lamulo limati mlendo alembetsedwe pasanathe maola 24. Kuhotela amachita okha, koma mukachita lendi nyumba ya munthu, mufunseni mwininyumba ngati wakulembetsani. Pamakhala kamsonkho ka alendo, cha m'ma yuro imodzi patsiku munthu aliyense. Lisiti lake mulisunge. Ndalama yawo ndi yuro ngakhale dzikolo silili mu EU, ndipo poti silili mu EU, muone kaye ngati layini yanu ya ku UK singakudyereni ndalama zambiri. Bola kugula SIM yakomweko.

Tsono pamapu dzikoli ndi kachibakera chabe, anthu ake ndi oposa pang'ono 600,000, koma ndi mapiri okhaokha. Kuchoka ku Kotor kunyanja kukafika ku Žabljak kumapiri ndi maola pafupifupi atatu, msewu wokhotakhota. Musayese kugona malo amodzi n'kumapita kulikonse tsiku lomwelo, ana adzatopa. Sabata yanuyo muigawe: masiku anayi kunyanja, atatu kumapiri.

Kunyanja mukagone ku Kotor kapena ku Perast. Ku Kotor kuli mpanda wakale wokwera phiri, masitepe pafupifupi 1,350 mpaka pamwamba. Muyambe 7 koloko m'mawa, madzi m'manja, nsapato zosaterera, chifukwa miyala yake idasalala ndi mapazi a anthu ndipo mthunzi palibe. Ikangokocheza sitima yaikulu ya alendo, tinjira ta m'tauni yakaleyo timadzaza moti kupatukirana kumavuta. Ku Perast mukwere boti kupita pa kachilumba ka tchalitchi cha Our Lady of the Rocks, ndi mphindi zochepa. Mukafuna kudutsa kuchokera mbali ya Tivat kupita mbali ya tauni ya Herceg Novi, pali pantoni pakati pa Lepetane ndi Kamenari, imapulumutsa kuzungulira gombe lonse. Tauni ya Budva ndi yaphokoso mu July ndi August, mitengo imakweranso. June kapena September ndiye nthawi yabwino.

Alamu ngati achita hayala galimoto, auzeni kuti nyali zimayatsidwa ndi masana omwe, ndipo magalimoto amayenda kumanja. Msewu wakale wochoka ku Kotor kukwera phiri la Lovćen uli ndi makona akuthwa 25, wopapatiza, ngati Golodi wa ku Livingstonia koma wa phula. Mukakumana ndi basi, inu ndi amene mubwerere m'mbuyo mpaka potakasuka. Pamwamba pali manda a Njegoš, wolamulira wawo wakale, masitepe ena 461, ndipo potsika mudzere ku Cetinje, likulu lawo lakale.

Ku Žabljak munyamule majuzi ngakhale m'chilimwe, usiku kumazizira. Nyanja ya Crno jezero mumafikako wapansi kuchokera m'tauni, ndipo kuizungulira ana angakwanitse. Mlatho wa Đurđevića Tara, womwe udamalizidwa mu 1940, uli pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Tara, chomwe pena chimazama mamita 1,300. Kumeneko mutenge ndalama zapamanja, si paliponse amalandira khadi.

Mukasankha masiku mundiuze, tione limodzi za malo ogona. Moni kwa ana.