Amayi, sindinasochere ku Havana kuno

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Achimwene, ndikudziwa kuti foni ili ndi inu, ndiye muwayikire amayi pafupi amve okha, chifukwa ndamva kuti masiku awiri tulo sakutiona poganiza kuti ndasochera. Sindinasochere ayi, ndili ku Havana, likulu la dziko la Cuba. Ndili bwinobwino, ndikudya, ndikugona. Kungoti magetsi kuno amathimathima, ndiye foni ikatha moto ndimangokhala chete mpaka atayaka. Mayi a nyumba imene ndikukhala anayamba kundipepesa za mdimawo, ine n'kuwauza kuti kwathunso kandulo sasowa m'nyumba. Anaseka mpaka misozi.

Koma chimene chikutisemphanitsa kwenikweni ndi nthawi. Kuno tili m'mbuyo ndi maola 7. Inu mukamayimba 10 koloko m'mawa, kuno imakhala 3 koloko usiku, ine ndili m'tulo tofa nato. Muziyimba cha m'ma 2 koloko masana nthawi yanu, kuno imakhala 7 m'mawa ndisanatuluke. Ikakana kulowa musavutike kubwerezabwereza, ingosiyani uthenga ngati unowu, ndiumva intaneti ikagwira. Mu Marichi amasintha mawotchi kuno, ndiye kusiyanaku kudzakhala maola 6, koma ndidzakukumbutsani.

Lero Lamlungu ndayenda mpaka mapazi kutupa. M'mawa ndinakwera imodzi mwa galimoto zakalekale za ku America zija, za m'ma 1950, zimene kuno amazitcha almendrón. Zimayenda ngati minibasi, umangoimika ndi dzanja n'kupanikizana ndi anzako. Ndinatsikira ku Centro Habana n'kulowa kanjira kena kotchedwa Callejón de Hamel, kumene Lamlungu lililonse masana amaimba rumba. Makoma onse ndi ojambulajambula, anthu ali thithithi, kutentha kwake ngati ku Nsanje.

Achimwene, apa mumvetsere, poti paja munati ndawolokera nyanja kukafufuza nyimbo zimene mumavina kale pa maukwati. Rumba ya kuno si ija ya ku Congo. Ilibe gitala n'komwe. Ndi ng'oma, mawu, ndi timitengo tiwiri totchedwa claves, timene wina amagogoda katatu kenako kawiri, osasintha, ndipo aliyense amatsatira iyeyo. Woyambitsa akaponya nyimbo, gulu limavomera, monga momwe amayi mumachitira pa chinamwali. Ija ya ku Congo inachokera ku mtundu wina wa nyimbo za kuno wotchedwa son. Zimbale zake zinafika ku Kinshasa cha m'ma 1940, mzindawo ukutchedwabe Léopoldville, anyamata a kumeneko n'kumaziimba pa magitala awo, dzina loti rumba n'kukakamira. Ndiye mwina simunalakwe kwambiri, koma musanyade.

Bambo wina wachikulire woimba ng'oma anandikhazika pansi n'kundionetsa bokosi lamatabwa limene amaliimba atalikhalira. Akuti makolo awo, amene ankanyamula katundu padoko, ankaimba mabokosi a nsomba zouma nthawi imene akuluakulu a boma ankaletsa ng'oma. Ukapolo kuno unatha mu 1886, si kale kwenikweni. Gule wina amene anavina, guaguancó, ndi wa mwamuna ndi mkazi: mwamuna amazemberera kuti amudzidzimutse mkazi ndi chiuno, mkazi n'kumatchinga ndi siketi. Amayi mukanaphimba kumaso, koma ndikudziwa mukanasuzumira pakati pa zala.

Madzulo ndinakwera kaboti kuwoloka doko kupita ku Regla. Kuli tchalitchi cha Katolika chokhala ndi Mariya wakuda wovala zabuluu, ndipo ambiri obwera kudzapemphera amamuonanso ngati Yemayá, mzimu wa nyanja wa Ayoruba a ku West Africa. Komweko n'kumene mu 1836 kunayambira gulu lachinsinsi la amuna okhaokha lotchedwa Abakuá, lochokera ku dera la Calabar ku Nigeria. Ovina awo, íreme, amadziphimba thupi lonse, nkhope osaoneka. Nditaona chithunzi chake thupi linachita tsemwe, ndinangoti uyu ndi gule wamkulu basi. Ndinayesa kufunsa zambiri, bambo amene amandiperekeza anangomwetulira n'kusintha nkhani. Ndinamva msanga. Zakudambwe saulula, ngakhale kutsidya la nyanja.

Tsopano za ndalama. Achimwene, chonde musayese kunditumizira pa foni, kuno sizifika, mungotaya. Makhadi a mabanki okhudzana ndi America sagwira ntchito chifukwa cha chiletso cha malonda chimene dzikolo linaika pa Cuba kuyambira 1962, ndiye ine ndinabwera ndi mayuro m'manja, ndimasintha pang'onopang'ono kukhala mapeso. Zondikwanira ndili nazo. Zimene mumafuna kutumizazo muwagulire amayi feteleza wobereketsa.

Chimene ndikufuna ndi china. Mnzanga wa ku yunivesite uja anyamuka ku Lilongwe Lachisanu kubwera kuno. Mumupatsire nsambo za gitala zachitsulo, mapaketi 4. Oimba kuno amavutika kuzipeza, ndipo pali mnyamata woimba tres, kagitala ka nsambo 6 zokhala ziwiriziwiri, amene wakhala nane maola ambiri osapempha kanthu. Kumupatsa ndalama ndikuona ngati kumuchepetsa, koma nsambo adzalandira ndi manja awiri. Muikemonso mabatire ang'onoang'ono a AA a chojambulira mawu changa, pawabanki ija ndinaiwala m'kabati, ndi mankhwala a mutu, poti m'mafamase kuno mashelefu ambiri ali mbee. Zonsezo zikhale m'mapaketi ake osatsegula, asakavutike pabwalo la ndege.

Ufa musatumize, amayi, ndakumvani kale mukuganiza. Kuno ndikudya mpunga ndi nyemba zakuda, komanso chinangwa chophika chothira adyo ndi madzi a lalanje lowawasa. Nsima ndidzadya ndikabwera.

Mawa ndilawirira ku Matanzas, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kum'mawa kwa Havana, kumene amati n'kuchimake kwa rumba, ndipo ndikagona konko masiku awiri. Ndikapanda kuyankha mpaka Lachitatu musayambe kuyimbira abusa. Moto watsala pang'ono, ndilekere pomwepa. Mupereke moni kwa alamu ndi ana, ndipo achimwene, nsambozo zachitsulo, osati zapulasitiki.