Laputopu yomwe ndinabwera nayo ku Joni inada bii tsiku lachitatu

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Joni, ku Cape Town, ku Durban kapena konkuno kumudzi. Lero sindikujambulira mu kachipinda kanga ka ku Mayfair ayi, ndili pakhonde pa achemwali anga ku Chilomoni, ndiye mukamva tambala kapena ana akukuwa kumbuyoku mungondikhululukira, ndi Blantyre imeneyo. Nkhani ya lero ndi ya laputopu koma musathawe inu amene zamakompyuta simuzitsata, imatikhudza tonse amene timatumiza katundu kumudzi.

Ine ku Johannesburg ndimagwira yaulonda, 6 madzulo mpaka 6 m'mawa. Mwana woyamba wa achemwali anga ali ku koleji, akuphunzira za akaunti, ndipo tsiku lina cha m'ma 1 koloko usiku anandilembera pa WhatsApp kuti ankolo ndikudikira mnzanga agone kaye kuti ndibwereke laputopu yake ndilembe asainimenti. Ine ndili pa geti ya eni ake, mphepo ya June ikulowa mpaka m'mafupa, mwana nayenso ali maso ku Blantyre kudikira chinthu cha mwini wake. Zinandikhudza kwambiri zimenezo. Ndinayamba kusunga, miyezi inayi, nyama ndinasiya, kumangodya kabichi ndi mazira, mpaka ndalama zinakwana.

Ndinakagula pa kashopu kena mu tauni, yakale koma yooneka bwino. Wogulitsa anayiyatsa pamaso panga, Windows 11 yowala bwino, ine mumtima ndinati basi ngati ili ndi Windows 11 ndiye kuti si yakale kwenikweni. Sindinafunse china chilichonse. Mu basi sindinalole kuti ipite ku buti, ndinayikulunga mu bulangete nkuyinyamula pamiyendo kuchokera ku Park Station, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, mpaka kutsika mu Blantyre miyendo itatupa.

Masiku awiri oyamba kunali chisangalalo, aneba kubwera kudzaona. Tsiku lachitatu mnyamata anayilumikiza ku hotspot ya foni, inakoka ma update, inati restart. Itayakanso chizindikiro cha kampani chinabwera, timadontho tija tinazungulira, kenako bii. Mdima. Kamuvi ka mausi kokha ndi kamene kamayenda, fani ikulira mkati koma palibe chooneka. Achemwali sanayankhule kanthu, anangopitiriza kusankha mpunga mu lichero, koma inu a ku Joni mukudziwa mawu amene amayenda m'makwalalamu, oti amangotitumizira zotaya azungu. Mwana anangoti ankolo musadandaule, ndizibwerekabe ya mnzanga ija. Mawu amenewo anandipweteka kuposa sikirini yakudayo.

Ndinaimbira mnzanga wa ku Zimbabwe amene timachita naye lendi nyumba imodzi, iye amakonza makompyuta. Pa video call anatiuza kuti choyamba tidziwe ngati vuto ndi galasi lenilenilo kapena ndi zamkati. Akuti ngati chizindikiro cha kampani chikuoneka poyaka komanso kamuvi kakuyenda ndiye kuti sikirini ili moyo, musathamangire kukagula ina. Zikanakhala kuti palibiretu chilichonse tikanaunika ndi tochi ya foni pafupi ndi galasi, ukaona zithunzi mwa chizimezime ndiye kuti nyali ya kumbuyo kwa sikirini ndi imene yafa. Tinalumikizanso ku TV ya pabalaza ndi chingwe cha HDMI, nakonso mdima womwewo. Tinadina Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi, zimenezi zimadzutsanso driver ya graphics, kapulogalamu kamene kamayendetsa zithunzi pa sikirini, inalira kamodzi nkuphethira koma basi.

Ndiye anati tilowe Safe Mode, mmene Windows imayaka ndi zofunikira zokhazokha. Njira yake imaoneka yankhanza: umayatsa, timadontho tikangoyamba kuzungulira umagwira batani la pawa mpaka izime, ukabwereza kawiri kapena katatu Windows imatsegula yokha Automatic Repair. Pamenepo Advanced options, Troubleshoot, mpaka pa Startup Settings, restart, nkudina 4. Sikirini inabwera! Zilembo zikuluzikulu, zosaoneka bwino koma inabwera. Mu Device Manager pa Display adapters tinachotsa driver imene inabwera ndi update ija, laputopu nkuyaka ndi Microsoft Basic Display Adapter, yomwe imangokuthandiza kuti uone, kuwala kwa sikirini sikumasinthika ndipo mavidiyo amadukaduka.

Apa ndi pamene mnzanga uja anati tandiwerengereni purosesa, pa Settings, System, About. Mwana anawerenga: i5-6200U. Mnzanga anapumira m'mwamba. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere, 6 ameneyo, ndi generation ya purosesa, ndipo Windows 11 chitulukireni mu October 2021 imafuna Intel ya generation 8 kupita mtsogolo, kupatula zochepa chabe, komanso zachitetezo zotchedwa TPM 2.0 ndi Secure Boot, RAM ya 4 GB ndi malo a 64 GB. Yathuyi sinali pa mndandanda. Windows 11 ija anachita kuyikakamiza, pali kapulogalamu kotchedwa Rufus kamene popanga flash kamakulola kudumpha macheke amenewa, ndipo a Microsoft eni ake ananeneratu kuti makina otere sawalonjeza kuti azilandira ma update. Kukakamizako pakokha sindikudana nako, anthu ambiri akugwiritsa ntchito choncho ndipo zikuwayendera. Chimene chinandiwawa nchakuti wogulitsa uja amadziwa, anandiona ndikuwerenga ma rand anga amodziamodzi, koma osandiuza.

Ndiye titani. Kutseka ma update kuti driver ija isabwerenso zinali zotheka koma ine pa 3 January ndikukwera basi, zikadzachitikanso usiku woti mawa lake mayeso ndani adzathandize. Kubwerera ku Windows 10 nakonso, Microsoft inasiya kuyisamalira pa 14 October 2025. Mnzanga anati yesani Linux Mint 22 m'malo mwa Windows, ndi yaulere, imayenda bwino pa makina akale ndipo izilandira ma update mpaka 2029. Ndinamufunsa mnyamata kuti kusukulu mumagwiritsa ntchito chani, akuti pakadali pano Word, Excel ndi intaneti basi. Mint imabwera ndi LibreOffice yomwe imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx ndi xlsx. Koma ndinene chilungamo apa, ngati mwana wanu akuphunzira za uinjiniya ndipo akufunika AutoCAD, Linux simuthandiza, mugulireni yokwanitsa Windows 11 zenizeni ngakhale zitatenga miyezi ina iwiri.

Fayilo yake ndi pafupifupi 3 GB, bandulo yake si yamasewera, tinadikira ya usiku ndipo magetsi anatithimira kamodzi zili pakati. Titamaliza tinayika Mint ija pa flash, nkukopera kaye manotsi ake onse pa flash ina, chonde musaiwale zimenezo. Kenako ndinamuuza mnyamata kuti khala apa, ine ndigwira foni, iwe ndi amene uzidina.

Tinayatsa ndi flash, kwa ife batani losankhira kuti iyake ndi flash ndi F12, ena ndi F9 kapena Esc, tinasankha Start Linux Mint, ndipo aise, mdima kachiwiri. Mtima unagunda. Koma mnzanga sanatekeseke, akuti laputopuyi ili ndi ma graphics awiri, ya Intel ndi ya Nvidia, ndipo zimachitika, bwererani musankhe compatibility mode. Inatseguka, tinayika. Itayaka koyamba payokha anatiphunzitsa chija ndimafuna nonse muchimve: poyaka udine Esc, kapena ugwire Shift pa makina ena, kuti menyu yoyambira ya Linux yotchedwa GRUB ioneke, udine e, ufufuze mzere umene uli ndi mawu oti quiet splash, kutsogolo kwake ulembe nomodeset, kenako F10. Mawu amodzi okhawo amauza makina kuti asayambe aseweretsa graphics, angoonetsa chithunzi wamba. Ukalowa umapita ku Driver Manager nkusankha driver ya Nvidia imene alemba kuti recommended, restart, ndipo nomodeset uja safunikanso.

Mwana analemba zonsezi mu kope lake la hardcover, sitepe ndi sitepe, ndipo dzulo anachita kuyizimitsa dala nkulowanso mu GRUB yekha kuti aone ngati wagwira, ine ndili phee pambali. Achemwali anabwera ndi tiyi ndi mandasi nkuima kumbuyo kwake nthawi yaitali, kungoyang'ana sikirini.

Panopa ndikujambula pano iye ali mkatimu akulemba, mwina mukumva makiyi akulira. Amene muli ku Joni ndipo mwagula kale laputopu yoti mutumize pa basi, nditumizireni nambala ya purosesa ija pa voice note, ndikafika ku Mayfair tikayionera limodzi ndi mnzanga uja isananyamuke. Sabata yamawa tikamba za ma permit, ambiri mwakhala mukufunsa. Zikomo, tsalani bwino.