Uthenga wa mawu: kagwiritsidwe ntchito ka bolodi lamagetsi m'kalasi

Eee, achemwali, mwaswera bwanji? Ndaumva uthenga wanu uja. Ndiye mwati akupatsani Grade 7, ndipo m'kalasimo muli bolodi lamagetsi lija, SMART Board, koma mukuopa kuligwira. Musaope. Tamverani, mumvetsere kaye mpaka kumapeto, mukatero mudzabwereze muli m'kalasi momwemo.

Choyamba... iyayi, ndiyambe ndi ichi. Bolodi limenelo palokha lilibe nzeru. Nzeru zili mu laputopu yanu. Bolodilo ndi mausi yaikulu yopachika pakhoma, basi. Mukagwira pabolodi ndi chala, kompyuta imamva ngati mwadina mausi pamalo amenewo. Mukamvetsa chimenechi, zina zonse zilongosoka zokha.

Ndiye zingwe zilipo ziwiri. Ziwiri, achemwali, osati chimodzi. China ndi cha HDMI, kapena ngati pulojekita yanu ndi yakale chikhala cha VGA, cha mutu wabuluu chija chokhala ndi tizomangira tiwiri. Chimenecho chimatenga chithunzi kuchokera ku laputopu kupita ku pulojekita. Chachiwiri ndi cha USB, chochokera kubolodi kupita ku laputopu. Chimenechi ndiye chimapangitsa kuti bolodi limve chala chanu. Anthu amalumikiza cha chithunzi chokha, n'kuona zonse zikuoneka bwinobwino, n'kugwira pabolodi, zii. Basi ati lawonongeka. Silinawonongeke. USB. Ndipo musachilumikize ndi zingwe zina zogula pa China Mall kuti chitalike, chifukwa USB wamba ikapitirira mamita 5 imayamba kudukiza. Sunthani tebulo, osati kutalikitsa chingwe.

Mukayatsa zonse, dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Duplicate, kuti zomwe zili pa laputopu zionekenso pabolodi. Kuyatsa ndiye mukudziwa kale.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Pali chinthu amati orient, ena amati calibrate, ndiko kukonza kuti pomwe mwagwira pabolodi pagwirizane ndi chithunzi. Ndikufotokozereni zomwe zinandichitikira chaka chomwe ndinayamba pa sukulu ina ku Rosettenville, ku Joni kuno. Ahedi akhala kumbuyo kudzaona kaphunzitsidwe kanga, ana ali chete. Ndalemba funso la fractions, ndikufuna kudula mzere pansi pa nambala, mzere ukutulukira uko, pafupifupi chikhatho chonse kumanja. Ndikagwira apa, kukulembeka apo. Ndifufute, kukufufutika funso lenilenilo. Ana anayamba kuseka, mwana wina n'kunena mu chiZulu kuti bolodi laledzera. Chomwe chinachitika n'choti anyamata osesa anagunda pulojekita ndi tsache lalitali pochotsa kangaude, inapendekeka pang'ono chabe. Pang'ono pomwepo ndi pokwanira. Bolodi silidziwa kuti chithunzi chasuntha, limakhalabe likuganiza za malo akale.

Ndiye kukonza kwake... dikirani, ndinene pang'onopang'ono. Pansi pa bolodi pali kathireyi koikapo zolembera. Pa mabolodi akale aja pali mabatani awiri, lina la kiyibodi, lina la mausi. Muwadine onse awiri nthawi imodzi. Ngati lanu lilibe mabatani amenewo, pitani pa kompyuta, pansi kumanja pafupi ndi wotchi, pali kachizindikiro ka SMART, dinani pamenepo musankhe Orient. Patuluka timitanda, nthawi zambiri 9, kamodzikamodzi. Mutenge cholembera, osati chala, chala n'chonenepa. Muike nsonga pakati penipeni pa kamtanda, ndiye mukweze. Mwamva? Bolodi limawerenga pomwe mwachotsera cholembera, osati pomwe mwayambira kugwira. Ndiye ngati mwaphonya, musachotse msanga, kokerani nsongayo mpaka ifike pakati, kenako chotsani. Ndibwerezenso: gwirani, kokerani pakati, chotsani. Musatsamire pabolodi ndi dzanja linalo, ndipo mkono wa juzi usakhudze, makamaka nyengo yozizira ino ya June tikuvala zambirimbiri. Likamva malo awiri limasokonezeka. Komanso muime chambali kuti mthunzi wanu usabise kamtandako.

Muzichita zimenezi m'mawa uliwonse ana asanalowe. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Mukasintha laputopu, chitaninso. Wina akagunda pulojekita, chitaninso. Koma ngati lanu ndi latsopano lija looneka ngati TV yaikulu, lopanda pulojekita, vuto limeneli silivutitsa kwenikweni, lanu likhala fumbi la m'mphepete mwa galasi, muzipukuta ndi kansalu kouma.

Aa, ndinaiwala, zolembera. Zolembera za SMART zakale zija zilibe inki, zilibe batire, ndi pulasitiki chabe. Kathireyi ndi komwe kamadziwa kuti mwanyamula chofiira kapena chakuda, poona malo amene atsala opanda kanthu. Ndiye mwana akaba chimodzi, ndipo adzaba, bolodi limaganiza kuti mwachigwirabe, mukagwira ndi chala kuti mutsegule buku limangolemba mizere. Ikani chinthu china pamalopo, ngakhale chivindikiro cha maka, litseke kadiso kaja. Koma mukapeza kuti pabolodi palembedwa Promethean, ena akale a mtundu umenewo samva chala n'komwe, amafuna cholembera chawochawo. Chimenecho muzisunga m'chikwama ngati pasipoti.

Ndipo chonde, chonde, maka osafufutika asayandikire. Kuli bambo wina, wakwathu komweko, wa ku Ntcheu, ndinamuuza ine ndekha. Anati iye anaphunzitsa zaka zambiri ndi choko, palibe chomuuza. Tsiku lina magetsi anathima, anatenga permanent marker n'kudzaza bolodi lonse ndi manotsi. Kenako kuti afufute anakatenga sitiliwulu. Sitiliwulu, achemwali! Mpaka lero pakati pa bolodi lija pali chigamba. Chikhala anafunsa, akanangolemba pamwamba pake ndi maka wamba ofufutika aja, n'kupukuta isanaume, zambiri zikanachoka.

Za magetsizo. Ife tinkaganiza kuti kuthimathima tinakusiya kwa ESCOM kumudzi, koma ku Joni kunonso mwaona nokha load shedding ya Eskom, kuphatikiza zingwe zobedwa za City Power, kampani ya magetsi ya mumzinda muno. Ndiye zinthu ziwiri... zitatu. Muzisunga ntchito yanu pafupipafupi mu SMART Notebook, pulogalamu yolembera pabolodipo. Muzikhala ndi phunziro lomwelo papepala. Ndiponso pulojekita musamaizimitse pa soketi, zimitsani ndi rimoti, mudikire fani isiye kulira, chifukwa babu lake limatentha kwambiri ndipo ndi lodula. Mvula ikayamba cha mu October, mphenzi za kuno si zamasewera, muzizula mapulagi poweruka.

Mudziwe kuti mabolodi amenewa si achilendo. Kampani ya SMART ya ku Canada inatulutsa loyamba mu 1991. Kuno ku Gauteng anafala mu 2015, pamene a Panyaza Lesufi ali MEC, kapena kuti nduna ya maphunziro ya chigawo chino, anayambitsa makalasi opanda mapepala, kuyambira ku Tembisa, ndi matabuleti a ana omwe. Akuba nawo sanachedwe. Ndiye kalasi muzikhoma, rimoti isagone pa tebulo.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi china. Aphunzitsi ambiri amangoonetsa masilaidi, ana n'kumakopera. Ndalama zonsezo kuti lingokhala chinsalu cha kanema? Aitaneni ana adzagwire. Mukamaphunzitsa ma angle, tsegulani pulogalamu ya masamu ya GeoGebra, mwana akoke nsonga ya triangle yekha, aone manambala akusintha koma onse pamodzi akukwanabe madigiri 180. Pa sayansi kuli pulogalamu ya PhET, ya ulere, mwana amalumikiza batire ndi babu pabolodi pomwepo, likayaka kalasi yonse imakuwa. Mabuku a Siyavula a masamu ndi sayansi nawonso ndi aulere, amatsatira CAPS, silabasi ya sukulu za boma kuno. Koma ana azibwera mmodzimmodzi, chifukwa mabolodi akale amamva chala chimodzi chokha. Ndipo muwauze asayang'ane mu kuwala kwa pulojekita. Afupiafupi aja, zinthu zoti agwire muziziika m'munsi.

Chinanso, pa rimoti pali batani la Freeze. Mukafuna kutsegula malikisi a ana kapena imelo, dinani limenelo kaye, chithunzi chiime pa zomwe zinalipo. Mayi wina anatsegula WhatsApp pa laputopu kalasi yonse ikuwerenga nkhani za lendi yake ya ku Yeoville, ndinali nditamuuza, koma eti.

Mukamaliza phunziro, sungani masamba aja ngati PDF, mwana amene anajomba mudzangomutumizira. Lolemba mukafike molawirira, muyese orient ija kawiri muli nokha. Timitanda tikakana kutuluka, mujambule zingwe zonse kumbuyo kwa laputopu munditumizire, ndiona pa nthawi ya buleki.